Atawachepetsa Chifu Akulu Anga

Akulu anga, amene kuyambira ubwana ndimawaitana kuti a mana, anali ndi baraka yogulitsira chakudya pa Cassacatiza, chapafupi ndi pamene makamyau, magalimoto akuluakulu a katundu aja, amaima podikira kuwolokera ku Zambia. Ankaphika mpunga, nyemba, nkhuku ndi nyama ya mbuzi. Oyendetsa makamyau ambiri sankalidziwa dzina lawo. Ankangouzana kuti tikadye kwa mayi wamkulu uja, ndipo aliyense ankadziwa kumene akunena. Ine ndimaphunzitsa ana aang'ono pa eskola ku Mualadzi, ndipo nthawi zambiri Loweruka ndinkakwera mota, njinga yamoto ija, kukawaona.

Kunenepako sikunabwere kamodzin'kamodzi. Ali mtsikana, a mana anali wamtali, woonda, wosachedwa pa ntchito. Atabereka mwana wachitatu thupi silinabwererenso mwakale. Kenako baraka itayamba kuyenda bwino, tsiku lawo lonse linkathera pamoto. Sankakhala pansi n'kudya ngati anthu ena. Ankalawa apa, kutola apo, kutsiriza zotsala m'mapoto, n'kumatsitsira ndi zakumwa zozizira za m'mabotolo chifukwa cha kutentha. Zaka zimenezo matenda oondetsa aja anali atatha anthu ambiri m'mbali mwa msewu umenewo, choncho munthu wonenepa ankaoneka wodalitsika. Alamu, amuna awo, ankanyadira poyera. Ankati mkazi wawo ndiye chikwangwani cha baraka, amene wamuona sangakayike za chakudya chake. Amayi a kutchalitchi ankawagwira mkono n'kumati Mulungu wawakomera mtima. Panalibe amene ankaona chovuta.

Chinayamba ndi mawondo. Anasiya kugwada pa Misa, kenako anasiyiratu kuyenda wapansi kupita ku kapela. Tsiku lina wamota anakana kuwanyamula, anthu akumva, ati tayala limuphulikira. A mana anaseka nawo, koma kuchokera tsiku limenelo sanapitenso kutchalitchi. Kapulana imodzi, chitenje chija, sinkawazungulira, ankasoketsa ziwiri pamodzi. Kugona ankagona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathera. Alamu ankati amasiya kupuma kwa kanthawi, kenako n'kudzidzimuka ngati munthu amene amamira. Masana ankasinza pampando poto ali pamoto.

Kuchipatala cha ku Chifunde anawapeza ndi matenda a shuga ndiponso kuthamanga kwa magazi, kumene kuno timati tensau. Anayamba ndi mapiritsi, pambuyo pake anafika pa jakisoni wa tsiku ndi tsiku, amene ankamusunga mu jelera yoziziritsira zinthu momwe munkakhala zakumwa za makasitomala. Namwino anawauza kuti achepetse kudya ndipo aziyendako. Anayesa, ndinawaona ndi maso anga akuyesa. Anadya masamba owiritsa opanda mafuta, anamwa madzi a mandimu, anagula mankhwala azitsamba ochokera ku Zambia amene anangowatsegula m'mimba. Thupi linkatsika pang'ono n'kubwereranso kuposa kale. Kuyenda kumene ankawauzako mawondo sankalola.

Chimene chinatiopsa tonse chinali chilonda cha pa chala chakuphazi. Anaponda waya kuseri kwa baraka osamva n'komwe, ndipo anazindikira ataona magazi pa silipasi. Miyezi inapita chilonda chisakupola. Amalume athu anadulidwa mwendo ku Tete chifukwa cha shuga yemweyo, ndipo sanakhalitse pambuyo pake. Palibe amene ankawatchula amalumewo, koma aliyense akayang'ana phazi la a mana ankaganiza za iwo.

Mwana woyamba wa a mana, wamwamuna, amagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize. Atabwera pa Natale, nthawi ya Khirisimasi, n'kuona mmene amayi ake analili, anatiitana pakhonde, ine, alamu ndi eni akewo. Anati mnzake wina wakuntchito anapita ndi mkazi wake ku Joni, kuchipatala cholipira, kumene anamuchita operasau yochepetsa chifu, ndipo tsopano mayiyo akuyenda, shuga anatsika. Anati wakhala akufunsafunsa, ndipo akhoza kuwapititsa amayi ake.

Alamu anakana pomwepo. Anati chifu si buluku loti n'kupita nalo kwa wosoka kuti alibweze, ndipo munthu salowa m'chipatala ndi miyendo yake kuti akamudule chiwalo chabwinobwino. Azakhali athu atamva anati thupi limeneli ndi la kumtundu, agogo athu aakazi analinso chimodzimodzi, ndipo kulidula n'kunyoza amene anatipatsa. Ine ndinapita kwa a padri. Iwo anati Mpingo suletsa munthu kufuna chithandizo, koma tifunse madotolo mpaka timvetse, tisangotengeka ndi nkhani ya mkazi wa mnzake wa mwana. A mana eni ake anadzayankhula tsiku lina ndikuwatsuka chilonda chija ndi madzi a mchere, tili awiri.

"Iwe, ine ndatopa kumunyamula munthu ameneyu," anatero akudzigwira pamimba. "Ndikadzuka ndimayamba ndanyamula iyeyu ndisananyamule poto. Ngati kuli kufa, ndikafere komweko."

Zinatenga nthawi yaitali. Anayenera kupita ku Tete kangapo kukayezetsa magazi, mtima ndi mapapo. Chilonda chinayenera kuyamba chapola, ndipo chinapola atakhala kwa mwana wawo akuchimangitsa tsiku lililonse. Eskola itatsekera, tinanyamuka ulendo wa ku Joni atatu, a mana, mwana wawo, ndi ine ngati woyang'anira wodwala. Mundege lamba wa pampando sanawakwane, mpaka mtsikana wogwira ntchito mmenemo anabweretsa wowonjezera. A mana anayang'ana pawindo ulendo wonse.

Dotolo wake anali mayi wa imvi, wosathamanga poyankhula. Ankayankhula Chingelezi, mwanayo n'kumatembenuzira m'Chipwitikizi, ndipo pamene a mana sanamve ine ndinkawafotokozera m'Chinyanja. Anajambula chifu papepala. Anati adzasoka kathumba kakang'ono kumtunda kwake, kosaposa dzira la nkhuku, n'kulumikizako matumbo, kuti chakudya chizilowa chochepa ndiponso chizidutsa njira yaifupi. Anatchula zabwino zake: kuti thupi lidzatsika kwambiri, kuti mwa anthu ambiri shuga amatsika mpaka ena kusiya jakisoni, kuti tensau, tulo ndi mawondo zikhoza kusintha. Kenako anatchula zoopsa, ndipo sanabise. Munthu akhoza kutaya magazi. Msoko ukhoza kudontha m'kati. Magazi akhoza kuundana m'mitsempha. Ena amafa, ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri. Anatinso thupi silidzathanso kutenga zonse zofunika m'chakudya, choncho adzayenera kumwa mavitamina moyo wawo wonse ndi kumayezetsa magazi, ndipo ngakhale patapita zaka matumbo akhoza kupotana. Zimenezo zikachitika pamafunika kufika msanga kumene kuli dotolo wong'amba.

Apa anaika cholembera pansi n'kufunsa kuti kwathu n'kutali bwanji ndi chipatala chotero. Mwanayo anayankha kuti amayi ake azidzakhala kwa iye ku Moatize, kufupi ndi Tete. A mana anavomera ndi mutu. Titatuluka ndinamukokera mwanayo pambali n'kumuuza kuti amayi ake ndimawadziwa, sangakhalitse m'nyumba ya mpongozi baraka yawo ili kumudzi.

"Amayi aang'ono, tiyambe tapulumutsa mwendo," anandiyankha. "Zinazo tikaziona tikafika."

Operasauyo inayenda bwino. Ndinkayembekeza chilonda chachikulu, koma pamimba panali timabowo tochepa tomata ndi pulasitala. Tsiku lotsatira anawadzutsa kuti ayende mukhonde la chipatala, atagwirira ine mbali ina, namwino mbali ina. Madzi ankamwa ndi kasupuni. Masabata oyamba anali a msuzi wosefa ndi phala lamadzimadzi, ndipo ankadandaula ludzu kuposa ululu, chifukwa sakanatha kugugudiza kapu ya madzi monga anazolowera.

Chodabwitsa chinali shuga. Anayamba kutsika thupi lisanasinthe n'komwe. Titabwerera, dotolo wa ku Tete anachepetsa jakisoni, kenako anawasiyitsa. Tsiku limenelo a mana anandiimbira telefoni akulira, ine n'kumayesa kuti kwagwa zovuta. Ku Moatize anapirirako miyezi ingapo. Kenako anati kutentha ndi fumbi la malasha zawakwana, ndipo anakwera xapa, minibasi ija, kubwerera ku Cassacatiza mwana wawo ali kuntchito.

Chaka choyamba chimenecho sindingachinamizire. Chinali ndi zabwino zimene tinali titaleka kuziyembekeza. A mana anayambanso kuyenda wapansi kupita ku kapela, ndipo pa Lachisanu Loyera ndinawaona atagwada pamodzi ndi anzawo. Ankagona chogona ngati munthu wina aliyense, n'kudzuka m'maso muli gwa. Anapita kumunda kukapalira mtedza, kumene anali asanapondeko kwa zaka zambiri, ndipo anabwerako atatopa koma akuimba. Mapiritsi a tensau anawachepetsera. Mdzukulu wawo ankatha kumubereka kumbuyo.

Koma mavuto anabwera nthawi yomweyo, osadikira kuti chimwemwe chithe. Kudya kunasanduka ntchito yoopsa. Mbamu ziwiri za nsima zinkawakwana, yachitatu inkabwerera. Nyama ya mbuzi imene ankaikonda inkawatsamwa pachifuwa ngakhale aitafune motani. Tsiku lina anamwa tiyi wothira shuga kwa mnansi, ndipo posakhalitsa thukuta linangoti chuu, mtima kugunda, manja kunjenjemera, mpaka anagona pamkeka pomwepo. Tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso. Khungu limene kale linali lodzaza linalendewera m'mikono ndi pamimba, ndipo nyengo yotentha m'mapindo mwake munkatuluka zilonda. Ankaphikabe, koma tsiku lonse ankakhala mu fungo la chakudya chimene sakanatha kudya. Anandiuza kuti njala samaimva, koma m'kamwa mumasowa chochita, ndipo madzulo amakhala wokwiya osadziwa amene wamulakwira.

Ndiye panali pakamwa pa anthu. Munthu akaonda msanga chotero kwathu kuno, anthu amadziwa kale dzina la matenda ake. Tinafotokoza za operasau, koma ambiri ankangomwetulira. Ena anati mwana wawo anakagulitsa mafuta a amayi ake kuti akwezedwe pantchito. Oyendetsa makamyau amene anali asanadutse kwa nthawi ankafika n'kufunsa a mana eni ake kuti mayi wamkulu uja anapita kuti, kapena anamwalira. Akawayankha kuti ndine, ankayang'ana pansi, ndipo ena sanabwerenso kudzadya. Pamaliro ndiye panali povuta kwambiri. Mbale ikabwera, iwo n'kutapa kamodzi n'kusamba m'manja, amayi ena ankakodolana, ndipo eni maliro ankaona ngati akunyansidwa ndi chakudya chawo.

Alamu anasiya kukhala kutsogolo kwa baraka. Tsiku lina anawapempha a mana kuti apite limodzi kukayezetsa magazi, ati anthu akuwafunsa zambiri. Anapita, ndipo onse awiri anapezeka alibe kachilombo. A mana anandiuza kuti mwa zonse zimene zinawachitikira, kupemphedwa kumeneko n'kumene kunawapweteka koposa, popeza alamu ankadziwa bwino kumene anapita ndi chimene anakachita.

Mavitamina aja mwana wawo ankatumiza kudzera mwa oyendetsa xapa. Nthawi zina ankafika, nthawi zina ankachedwa, ndipo a mtundu umenewo kuchipatala chakwathu kunalibe. A mana nawonso akamva bwino ankaiwala kumwa. Ulendo wa ku Tete wokayezetsa ankauzengereza, ati baraka atsala nayo ndani. M'chaka chachiwiri ndinaona kuti m'maso ndi m'manja mwayera. Ankachita chizungulire akaweramuka, ndipo mapazi ankachita dzanzi. Titawakakamiza kupita, anawapeza magazi achepa kwambiri, ndipo anagonekedwa masiku angapo akulandira mankhwala a m'mitsempha.

Choopsa chenicheni chinabwera nyengo ya mvula, chimanga chili ndi ngayaye. M'mimba munayamba kupweteka atadya masana. Anayesa ndi zozolowereka zija, anamwa madzi ofunda n'kugona. Alamu anandiimbira m'mawa mwake. Ndinapita pamota m'matope, mwina kutsika n'kumakankha. Ndinawapeza atadzipinda pamphasa, milomo itauma, akusanza zobiriwira, mimba itauma ngati ng'oma. Namwino wa pachipatala chaching'ono chapafupi atawagwira pamimba n'kumva za operasau ija, anati tisataye nthawi, apa m'pofunika ku Tete lero lomwe. Ambulansi inali itapita kale ndi mayi wina wovutika pobereka.

Anatithandiza ndi bambo wina wa ku Zambia woyendetsa kamyau, mmodzi mwa amene sanasiye kudya pa baraka. Anali atangomaliza za mapepala ake pachipata cha malire. Anachotsa katundu wake pa kabedi ka kuseri kwa mpando n'kuti tiwagoneke pamenepo. Msewu umenewo ndaudutsa kambirimbiri, koma sindinaudziwe kutalika kwake mpaka tsiku limenelo. Galimoto inali yolemedwa, sinkatha kuthamanga, ndipo dzenje lililonse a mana ankalimva m'mimba. Alamu anakhala kutsogolo atagwira chipewa m'manja, osatembenuka. Ine ndinali nditagwada pambali pa kabediko ndikuwapukuta nkhope. Pena pake, titadutsa mphambano, anandikoka dzanja.

"Ndikapanda kufika, ukamuuze mwana wanga asadziimbe mlandu," anatero. "Sanandimange chingwe. Ndinapita ndekha."

Tinafika dzuwa likulowa. Mwanayo anali akutidikira pachipata cha chipatala chachikulu, atatenga mapepala onse a ku Joni, ndipo madotolo atawawerenga anawalowetsa osachedwa. Anapeza kuti matumbo analowa pa mpata umene unatsala m'kati pambuyo pa operasau yoyamba, n'kupotana. Mbali ina inali itafa kale, ndipo anaidula. Dotolo wachinyamata amene anatuluka kudzatiuza anati tikanafika m'mawa mwake sakanatha kuchitapo kanthu. Ulendo uno chilonda chinali chachitali, kuchokera pansi pa chifuwa mpaka kupitirira mchombo, ndipo chinachita mafinya. Anakhala m'chipatala nthawi yaitali, ine ndikugona pansi pa bedi lawo mpaka a diretori a pa eskola anandiitanitsa.

Pabwalo la chipatala chimenecho m'pamene alamu ndi mwana wawo anakanganirana. Alamu anati iye ndiye wawaphera mkazi ali moyo, anamutenga wathunthu n'kumubweza chikopa chokha. Mwanayo anati chikhala kuti anamvera iwo, bwenzi amayi ake ali ndi mwendo umodzi kapena ali kumanda pafupi ndi amalume athu odulidwa mwendo aja. Kuyambira pamenepo sayankhulana, uthenga umadzera mwa ine.

Tsopano a mana amakhala ku Moatize. Baraka akuyendetsa ndi mwana wawo wamkazi, ndipo alamu amapita kukawaona mwa apo ndi apo, nthawi imene akudziwa kuti mwana wawo wamwamuna ali kuntchito. A mana ndi ochepa thupi kuposa ine. M'mimba mumawavuta kawirikawiri, ndipo amadya pang'onopang'ono tsiku lonse ngati mwana. Shuga anabwererako pang'ono, ali pa mapiritsi, koma pa jakisoni sanabwererepo. Amayenda okha kupita kumsika ndi kutchalitchi. Amagona bwino. Mavitamina sadumphitsanso, chifukwa mpongozi wawo amawaikira pambale m'mawa uliwonse n'kuima pomwepo mpaka ameze.

Anthu amandifunsa ngati tinachita bwino, makamaka amene ali ndi m'bale wonenepa kwambiri. Ndimawauza zimene ndinaona, zonse, ndipo ambiri amachoka osakhutira chifukwa amafuna ndinene kuti inde kapena ayi. Chimene ndimatsindika n'chakuti operasau imeneyi sithera pa tebulo la dotolo. Imafuna chipatala pafupi, mankhwala osadukiza, ndi anthu apakhomo omvetsa, ndipo ife wa kumidzi ya kuno zimenezo tilibe zonse. Ndinawafunsapo a mana eni ake ngati akanapitanso akanadziwa zonsezi. Anati zimatengera tsiku limene ndawafunsa. Tsiku limenelo anali atachokera kumsika ndi miyendo yawo, ndiye anati akanapita.

Ulendo wanga womaliza anandiperekeza mpaka pokwerera xapa. M'njira anandifunsa za munda, za denga la khitchini limene linkadontha, za amayi a kutchalitchi amene anamwalira iwo kulibe. Kenako anandipempha kuti ndikayankhule ndi mwana wawo awalole kubwerera kwawo. Anati nyumba yawo ikutha, amuna awo akukalamba okha, ndipo iwo sanachire kuti azikhala pakhonde la eni kuyang'ana makamyau a malasha. Ndinayankhula naye patelefoni nditafika ku Mualadzi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa ngati ndingalonjeze kuti tsiku lina zikadzachitikanso padzapezeka galimoto pachipata. Ndinati sindingalonjeze. Anati ndiye amayi akhala komweko.

Ndinawauza a mana. Iwo anati ndikapeza wopita ku Tete ndiwatumizire mbewu ya maungu ndi ya nyemba zakwathu, ayese kubzala kuseri kwa nyumba, ngakhale kuti dothi lake ndi lamiyala. Ndinatumiza sabata yotsatira.